Hotela M'dera Lathu: Kuphunzitsa za Chilengedwe ndi Udindo M'chilankhulo cha Mwana

Zolinga

Tikamaliza phunziro ili tiyenera kutha:

a) kufotokoza m'Chinyanja chomveka momwe hotela imakhudzira madzi, mitengo, nsomba ndi anthu a m'dera limene yamangidwa;

b) kusiyanitsa udindo wa hotela ndi mphatso zimene eni ake amapereka mwa kufuna kwawo;

c) kusankha mawu a Chinyanja oyenera mfundo zimene mabuku amazilemba m'Chipwitikizi;

d) kukonza phunziro la m'kalasi lochokera pa zimene ana amaona kwawo.

1. Chifukwa chimene tasankhira mutu umenewu

Ana ambiri amene tidzawaphunzitse sanagonepo m'hotela, ndipo wina angafunse ngati n'koyenera kuthera nthawi ya m'kalasi pa nyumba imene iwo amangoionera kunja kwa mpanda. Yankho lathu n'lakuti anawo amaidziwa kale hotelayo, kungoti amaidziwira kukhomo lakumbuyo. Bambo a wina amagulitsako chambo, mayi a wina amasenzerako nkhuni, mchemwali wa wina amachapako zofunda, ndipo onse amadziwa kumene zinyalala zake zimatayidwa. Mphunzitsi wanzeru amayambira pa zimene mwana akudziwa, ndipo pa mutu uwu mwana akudziwa zambiri.

Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2004 inapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti tiziphunzitsa zinthu za m'dera limene sukulu ili. M'Chipwitikizi nthawi imeneyi imatchedwa currículo local. Nkhani ya malo ogona alendo ikugwirizana bwino ndi nthawi imeneyi, chifukwa imalumikiza sayansi ya chilengedwe, masamu, maphunziro a chikhalidwe ndi chilankhulo pa chinthu chimodzi chimene ana angathe kuchiloza ndi chala.

Pali chifukwa chinanso chachikulu. Munthu akafuna malo oti amangepo hotela, anthu a m'mudzi amaitanidwa ku msonkhano kuti anene maganizo awo, ndipo zimene agwirizana zimalembedwa pa chikalata cha m'Chipwitikizi. Ana amene ali m'kalasi lero ndiwo adzakhale pansi pa mtengo pa misonkhano yotere. Ngati mfundo za malo, madzi ndi malamulo sanazimvepo m'chilankhulo chawo, adzavomera zinthu zimene sanazimvetse. Maphunziro a zilankhulo ziwiri, amene anayesedwa koyamba kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, anakhazikitsidwa kuti mwana amvetse asanaloweze. Mutu uwu ukutipatsa mwayi woonetsa phindu la kumvetsa kumeneko.

2. Mlendo amene sachoka

Makolo athu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho tiyenera kumusamalira pa nthawi yochepa imene ali nafe. Anthu ogona m'hotela ndi mame ndithu: amakhala masiku atatu kapena sabata, kenako n'kubwerera kwawo. Koma hotelayo payokha ndi mlendo wa mtundu wina. Imafika pa malo amene anthu anali kukhalapo kale, imatunga madzi amene iwo amatunga, imasonkha moto ndi mitengo ya m'nkhalango yawo, ndipo sichoka dzuwa likakwera. Mlendo wokhalitsa chotere salinso mlendo woti tizingomupatsa. Ali ndi mbali yake pa ntchito zosamalira mudzi. Iyi ndiyo mfundo imene phunziro lonse latsamirapo.

Malamulo a dziko lathu amagwirizana ndi maganizo amenewa. Lamulo lalikulu la dziko limanena kuti nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amalandira ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene umadziwika ndi dzina lachidule lakuti DUAT. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti anthu amene akukhala pa malo motsata mwambo wa makolo awo ali nawo kale ufulu umenewu ngakhale alibe pepala, ndiponso kuti umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi wovomerezeka. Munthu wofuna malo ochitirapo malonda ayenera kudikira kuti anthu a m'deralo afunsidwe asanapatsidwe chilolezo, ndipo chilolezocho chingathe kufika zaka 50 n'kudzawonjezedwanso. Mwana wa kalasi 5 amene wamva kuti zaka 50 zikamadzatha iye adzakhala ndi zidzukulu amamvetsa msanga kuti msonkhano wa tsiku limodzi uli ndi kulemera kotani.

M'mphepete mwa nyanja nkhani ya malo imavuta kwambiri, chifukwa mchenga woyera umene mlendo akufuna kuotherapo dzuwa ndi womwewo umene asodzi amakocheza mabwato, amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ndiponso usipa umayanikidwa. Mpanda umodzi womangidwa mosaganiza bwino ungathe kutalikitsa dooko la mudzi wonse. N'chifukwa chake funso loyamba limene tiyenera kuphunzitsa ana kufunsa ndi ili: hotela isanabwere, malo amenewa ankagwira ntchito yanji, ndipo anthu amene ankawagwiritsa ntchito akupita kuti tsopano?

3. Zolowa ndi zotuluka

Njira yosavuta yofotokozera ana za hotela ndi kuijambula pa bolodi ngati nyumba ya makomo awiri. Pakhomo lina pamalowa zinthu, pakhomo lina pamatuluka zinthu. Mphunzitsi ayenera kudziwa bwino zimene zimadutsa pa makomo onse awiri asanaime pamaso pa ana.

*Madzi.* Hotela imafuna madzi osamba, ophikira, ochapira zofunda, otsukira zimbudzi, othirira kapinga, ndipo ina imakhala ndi dziwe losambiramo. Ikakumba mjigo wakuya n'kuikapo pampu yamphamvu pafupi ndi zitsime za m'mudzi, zitsimezo zingathe kuphwa msanga m'chilimwe. Madzi amene agwira ntchito amatuluka ali ndi sopo, mafuta a kukhitchini ndi zonyansa za m'chimbudzi. Dzenje la zonyansa likakumbidwa mumchenga pafupi ndi nyanja, zonyansazo zimasefukira pansi pa nthaka n'kukafika m'madzi amene anthu amamwa, ndipo umu ndi mmene matenda otsegula m'mimba ndi kolera amafalikira. Pa nyanja ya Niassa pali chinthu china choyenera kuchidziwa. Mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjayi ndi umodzi wokha, wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka mwa kuuma ndi dzuwa. Madzi akauma, litsiro limatsala. Akatswiri amawerengera kuti madzi amakhala m'nyanjayi zaka zoposa 100 asanasinthike, choncho chimene tataya lero adzachipeza ndi ana a zidzukulu zathu.

*Moto.* Kuphikira alendo ndi antchito, kutenthetsa madzi osamba ndi kuotcha njerwa zomangira kumafuna nkhuni ndi makala ochuluka. Mitengo ya m'mapiri ikatha, mvula imakokolola nthaka n'kuitsitsira m'mitsinje ndi m'nyanja. Matope amenewo amakwirira miyala imene nsomba za mbuna zimadyapo ndere, amadetsa madzi, ndiponso amaononga malo amiyalamiyala a m'mitsinje kumene mpasa imakwera kukaswa. Apa ana angathe kuona okha kuti hotela yodula mitengo mosasamala ikudzipweteka, pakuti alendo ambiri amabwera kudzaona madzi oyera ndi nsomba zamawangamawanga zomwezo. Magetsi a dzuwa, mbaula zosatha nkhuni ndi kubzala mitengo ya nkhuni pa malo a hotela ndi zina mwa njira zochepetsera vutoli.

*Chakudya.* Pakhomo ili ndi pamene mudzi ungapindule kwambiri. Hotela imene imagula tomato, anyezi, mazira, nkhuku, nthochi ndi nsomba kwa anthu oyandikana nayo imasiya ndalama m'mudzi tsiku lililonse. Imene imaitanitsa zonse kuchokera kumzinda imasiya makatoni okha. Komabe kugula kwa m'mudzi kulinso ndi malamulo ake. Hotela ikamalandira nsomba zazing'ono zosakhwima, kapena zogwidwa ndi ukonde wa udzudzu, kapena nyama ya m'tchire yophedwa mozemba, ndiye kuti ikulipira anthu kuti aononge chuma chawo chomwe.

*Zinyalala.* Zotsala za chakudya zimaola ndipo zingasanduke manyowa. Mabotolo, zitini, mabatire ndi mapulasitiki sizioola. M'madera ambiri akumidzi mulibe galimoto yotola zinyalala, choncho funso lakuti zimenezi zimathera kuti ndi lofunika. Kuziotcha kumatulutsa utsi woipa, kuzikwirira pafupi ndi madzi kumaononga madziwo. Boma linakhazikitsa lamulo mu 2015 loletsa matumba apulasitiki opyapyala kwambiri, koma botolo la madzi akumwa likadali chinyalala chofala pa malo alionse olandira alendo.

*Gombe.* Eni mahotela ena amadula bango ndi udzu wa m'madzi kuti gombe lioneke loyera. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, kenako chimakawasiya m'madzi osaya momwe muli bango ndi zomera zina zoti abisalemo. Kuchotsa bango lonse n'chimodzimodzi kugwetsa khola la anapiye. Lamulo la chilengedwe la 1997 limafuna kuti ntchito zimene zingaononge chilengedwe ziyambe zaunikidwa ndi kupatsidwa chilolezo, ndipo malamulo a 2015 ofotokoza kaunikidweko amapatsa anthu okhudzidwa mpata wolankhulapo pa ntchito zikuluzikulu.

4. Chitsanzo cha ku Lago

M'boma la Lago, m'chigawo cha Niassa, Chinyanja ndicho chilankhulo cha m'mphepete mwa nyanja kuyambira cha ku Metangula mpaka ku Cobué ndi kupitirira. Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa mitunduyo sipezeka kwina kulikonse. Mu 2011 Boma linalengeza mbali ya Mozambique ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa, ndipo chaka chomwecho inalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar, limene limateteza madambo ndi nyanja zofunika pa dziko lonse.

Chakummwera kwa Cobué, kutsidya kwa chilumba cha Likoma, kunamangidwa malo ogona alendo otchedwa Nkwichi Lodge. Dzinali linachokera m'Chinyanja, pa kulira kumene mchenga wa pamalopo umachita munthu akauponda. Nyumba zake zinamangidwa ndi miyala, mitengo ndi udzu za m'deralo, ndipo zinabisika pakati pa matanthwe ndi mitengo m'malo molambula gombe lonse. Antchito ambiri anali a m'midzi yoyandikana. Pambali pa malowa panakhazikitsidwa bungwe la Manda Wilderness Community Trust, limene linagwira ntchito ndi midzi yoposa 10. Midziyo inagwirizana kupatula gawo la nkhalango yawo kuti nyama ndi mitengo zibwererenso, bungwelo linathandiza kumanga masukulu pamene anthu a m'mudzi ankapereka njerwa ndi mphamvu zawo, ndipo panali munda wophunzitsira alimi kulima ndiwo zamasamba zoti adye ndi kugulitsa.

Chitsanzo ichi sitikuchipereka kuti ana aloweze dzina la malo. Chofunika n'chakuti aone kuti zinthu zitatu zinayendera limodzi: kumanga mosaononga, kugula ndi kulemba ntchito m'mudzi, ndiponso kukhala pansi ndi midzi pokonza zochita. Aonenso kuti mudzi umene wapatula nkhalango wataya malo osaka ndi otema mitengo, choncho uli ndi chifukwa chokwanira chofunsira chimene ukulandira m'malo mwake, ndi chimene chidzatsale alendo akadzachepa monga anachepera pa nthawi ya mliri wa COVID-19 mu 2020.

Amene tidzaphunzitse ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde tisaganize kuti mutu uwu ndi wa kunyanja kokha. Ku Ulónguè ndi pa zipata za m'malire monga Calómuè ndi Cassacatiza kuli nyumba zogona alendo zolandira amalonda ndi oyendetsa magalimoto akuluakulu. Mumzinda wa Tete mahotela anachuluka pamene migodi ya malasha ya ku Moatize inakula. Mafunso ake ndi omwewo: makala akuchokera m'nkhalango ya yani, mbatatesi ndi kabichi zikugulidwa kwa yani, madzi oipa akupita kuti?

5. Udindo ndi mphatso

Mwini hotela akapereka mipira kusukulu kapena akagula penti ya tchalitchi, anthu amayamika, ndipo n'koyenera kuyamika. Koma tiyenera kuthandiza ana kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimasokonezedwa. Mphatso munthu amapereka akafuna ndipo angathe kusiya. Udindo ndi chimene ayenera kuchita ngakhale asakufuna: kulipira antchito malipiro osachepera pa amene Boma linakhazikitsa, kusataya zonyansa m'madzi, kusatseka njira ya kudooko, kukwaniritsa zimene analonjeza pa msonkhano wopempha malo. Hotela imene yapereka mipira koma ikuthira zonyansa m'nyanja ikutikumbutsa mwambi wakuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Pali nkhani inanso imene anthu ambiri amaimva molakwika, ndipo mphunzitsi ayenera kuifotokoza bwino. Pali lamulo lakuti magawo 20 pa 100 alionse a misonkho imene Boma limatolera pa kagwiritsidwe ntchito ka nkhalango ndi nyama zakutchire azibwerera kwa anthu a m'dera limene chumacho chili. Ndalama zimenezi si gawo la phindu la mwini hotela, ndiponso si chifundo cha munthu aliyense. Kuti mudzi uzilandire uyenera kusankha komiti yoyang'anira ndi kutsegula akaunti kubanki. Maganizo akuti anthu azipindula ndi chilengedwe chimene akusamalira anayesedwa kale m'chigawo cha Tete m'zaka za m'ma 1990, m'pulogalamu ya Tchuma Tchato imene inayambira ku Bawa, m'boma la Mágoè. Dzina lakelo aliyense wolankhula Chinyanja amalimva: chuma chathu.

Udindo uli mbali zonse ziwiri. Lamulo lalikulu la dziko limapatsa nzika iliyonse ufulu wokhala m'chilengedwe chabwino, ndipo pomwepo limaipatsa ntchito yochiteteza. Mudzi umene ukudzudzula hotela chifukwa cha zinyalala, iwo eni n'kumaotcha tchire chaka ndi chaka kapena kukokolola timwana ta nsomba ndi ukonde wa udzudzu, sunamalize mbali yake. Komiti imene yalandira ndalama za mudzi iyenera kuwerenga poyera mmene zagwirira ntchito.

6. Kusankha mawu

Mabuku a Chipwitikizi ali ndi mawu amene Chinyanja chilibe liwu limodzi lofanana nawo. Tikakumana ndi mawu otere tili ndi njira zitatu, ndipo tiyenera kuziyesa motsatana: kufunafuna liwu limene lilipo kale, kufotokoza mfundoyo ndi mawu angapo, kapena kubwereka liwu lachilendo ngati anthu akuligwiritsa kale ntchito.

Liwu lakuti responsabilidade silivuta, pakuti tili ndi "udindo", ndipo mwana aliyense amene anatumidwapo kukalisha mbuzi amalidziwa. Liwu lakuti ambiente tingalimasulire kuti "chilengedwe" kapena "malo otizungulira", malingana ndi nkhani. Consulta comunitária ndi "msonkhano wofunsa anthu a m'mudzi", ndipo tiyenera kutsindika liwu lakuti "wofunsa", chifukwa kufunsa ndi kudziwitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Liwu lakuti "hotela" ndi lobwereka, koma linakhazikika kale ndipo palibe chifukwa cholichotsera.

Lovuta kwambiri ndi sustentabilidade. Tikalilemba pa bolodi n'kuuza ana kuti alibwereze, adzalitchula bwino koma m'mutu mudzakhala mulibe kanthu. Tiyambe ndi nkhokwe. Tifunse ana kuti: chimanga chikatsala pang'ono m'nyengo ya njala, n'chifukwa chiyani agogo salola kuti zisononkho zimene anapachika pamwamba pa moto zidyedwe? Ana adzayankha kuti zimenezo ndi mbewu. Pamenepo mfundo yagwidwa: kudya n'kusunga mbewu, kugwiritsa ntchito lero mosiyira a mawa. Ana akaifotokoza m'mawu awo ndi kupereka zitsanzo za nsomba, mitengo ndi madzi, ndi pamene tingawauze kuti m'Chipwitikizi mfundo imeneyi imatchedwa sustentabilidade. Liwu lachilendo limakhala bwino likapeza mfundo itakhala kale.

Tikumbukirenso kuti Chinyanja cha ku Lago ndi cha ku Angónia zimasiyana m'mawu ena. Mwana akatchula chinthu mosiyana ndi buku, tilembe mawu onse awiri pa bolodi ndi kumuyamikira, m'malo momuuza kuti walakwa.

7. Chitsanzo cha phunziro la m'kalasi

Kalasi: 5. Nthawi: maphunziro awiri a mphindi 45. Zipangizo: bolodi, chigubu cha malita 20, botolo lapulasitiki, khoko la nthochi, batire lakutha.

*Poyambira.* Mphunzitsi afunse: "Ana inu, kwanu kukabwera mlendo wogona, kodi pakhomo pamafunika zinthu ziti zowonjezera?" Ana atchule madzi, nkhuni, ndiwo, mphasa. Afunsenso: "Nanga alendo atakhala 20 tsiku lililonse, chaka chonse?"

*Kukambirana.* Mphunzitsi ajambule nyumba ya makomo awiri. Ana m'magulu a asanu alembe zolowa ndi zotuluka. Gulu lililonse lisankhe chinthu chimodzi n'kuchilondola: chachokera kuti, chikupita kuti, ndani wapindula, ndani wavutika.

*Masamu.* Manambala awa ndi ongoyesera. Tiyerekeze kuti hotela ili ndi zipinda 10, m'chipinda chilichonse mukugona anthu 2, ndipo mlendo aliyense amathera malita 200 pa tsiku. Banja lina la m'mudzi limatunga zigubu 5 za malita 20 pa tsiku. Ana apeze kuti hotelayo imathera malita 4,000, amene ndi zigubu 200, madzi okwanira mabanja 40. Funso lachiwiri: ngati misonkho ya nkhalango ya m'dera lina yakwana mametikali 150,000, mudzi uyenera kulandira angati? Yankho ndi 30,000.

*Kuyesa.* Ana akwirire khoko la nthochi ndi botolo lapulasitiki pa malo awiri odziwika kuseri kwa kalasi, adzafukule pakatha mwezi, ndi kulemba zimene apeza. Batire lisakwiriridwe, mphunzitsi afotokoze chifukwa chake.

*Sewero.* Ana ayesere msonkhano wofunsa anthu a m'mudzi. Pakhale mfumu, wofuna malo, womasulira, msodzi, mayi wotunga madzi ndi mnyamata wofuna ntchito. Aliyense alankhule mwaulemu monga zimakhalira pabwalo. Msodzi angathe kunena kuti: "Zikomo mfumu, ndafuna ndimve kwa bambowa ngati mpanda wawo udzatisiyire njira ya kudooko, ndipo ngati avomera, mawu amenewo alembedwe." Pamapeto ana alembe m'Chinyanja mfundo zitatu zimene agwirizana, kenako mphunzitsi awathandize kuzilemba m'Chipwitikizi.

*Pomaliza.* Mwana aliyense anene m'mawu ake tanthauzo la "kudya n'kusunga mbewu".

8. Zoyenera kusamala

M'kalasi imodzi mungathe kukhala mwana wa mlonda wa pa hotela, mwana wa wootcha makala ndi mwana wa msodzi amene anasamutsidwa pa dooko lake. Phunziro lisasanduke bwalo loweruza makolo a wina. Tizikamba za zochita ndi zotsatira zake, osatchula maina a anthu, ndipo tizikumbukira kuti ambiri amadula mitengo chifukwa chosowa pogwira. Tisaphunzitse ana kuti hotela iliyonse ndi mdani, kapena kuti iliyonse ndi mpulumutsi. Ntchito yathu ndi kuwapatsa mafunso abwino ndi mawu owafunsira.

Ngati tikufuna kupita ndi ana kukaona malo ogona alendo, tiyambe tapempha chilolezo kwa mkulu wa sukulu, kwa makolo ndi kwa eni malowo, ndipo mafunso akonzedwe m'kalasi ulendo usanachitike. Tingathenso kuitana mfumu, membala wa komiti yoyang'anira zachilengedwe kapena wophika wa pa hotela kuti adzalankhule ndi ana m'Chinyanja. Ana akaona munthu wamkulu akufotokoza nkhani ya malamulo ndi ndalama m'chilankhulo chawo, amazindikira kuti chilankhulocho chimatha kunyamula nkhani zazikulu.

9. Ntchito ya aphunzitsi ophunzira

1. Fotokozani m'ndime imodzi momwe kudula mitengo m'phiri kungachepetsere alendo pa hotela ya m'mphepete mwa nyanja. Musadumphe sitepe iliyonse.

2. Lembani zinthu zisanu zimene hotela ingachitire mudzi, ndipo pa chilichonse nenani ngati ndi udindo kapena mphatso. Kambiranani ndi mnzanu pamene mwasiyana.

3. Pezani njira ina yofotokozera sustentabilidade, yosiyana ndi ya mbewu, yochokera pa usodzi kapena kuweta ziweto. Iyeseni pa munthu wamkulu wa kwanu amene sanapite kusukulu, ndipo lembani zimene wayankha.

4. Masulirani m'Chinyanja mawu awa, ndipo nenani njira imene mwatsata mwa zitatu zija: poluição, reciclagem, licença ambiental, comité de gestão.

5. Sankhani malo amodzi ogona alendo a m'dera limene mudzachitire zoyeserera kuphunzitsa. Jambulani nyumba ya makomo awiri ya malowo, ndipo konzani phunziro la mphindi 45 lochokera pa chojambulacho. Mudzabwere nalo pa msonkhano wotsatira kuti tidzaliunike pamodzi.